Pakhonde la Makolo: Kodi ana athu amangosewera ku Reception?



Mwezi wa Sepitembala ukakwana, m'nyumba zambiri za anthu akwathu kuno ku Mangalande mumakhala piringupiringu wa mtundu wake. Kamwana kamene dzulodzulo lomweli kanali kumsana kavala yunifolomu, kanyamula kachikwama ka mabuku, ndipo kayamba sukulu m'kalasi imene eni dziko amaitcha Reception. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, funso limene limamveka kutchalitchi, kumaukwati ndi pamisonkhano ya bungwe lathu limakhala limodzi: kodi ana amenewa akuphunzira kapena akungosewera? Kholo lafunsa mwana zimene waphunzira lero, mwana wayankha kuti amathira madzi m'botolo. Malaya abwera ali penti yekhayekha, m'nsapato muli mchenga, kope lolembamo palibe, ndipo chizindikiro chofiira cha aphunzitsi sichikuoneka paliponse. Kwa ife amene tidakula tikulakatula a, e, i, o, u mpaka kukhosi kuuma, zoterezi zimaoneka ngati kutaya nthawi.

Funsoli ndi loyenera, ndipo wolifunsa asachite nalo manyazi, pajatu safunsa adadya phula. Koma yankho limene kholo lingadzipatse lokha lili ndi zotsatira zake. Amene waganiza kuti kusukulu kulibe chimene chikuchitika amayamba kuphunzitsa mwana usiku mwa njira yake, nthawi zina mosemphana ndi ya aphunzitsi. Wina amaleka kulankhula Chichewa pakhomo poganiza kuti ndicho chikuchedwetsa mwana. Ndi chifukwa chake lero tati tilowe limodzi m'kalasi imeneyi, tione zimene zimachitikamo pa milungu yoyambirira.

Amene ali m'kalasimo

Ku Mangalande mwana amalowa Reception m'Sepitembala wotsatira tsiku limene wakwanitsa zaka 4, ngakhale kuti lamulo limayamba kumukakamiza kukhala pasukulu pa teremu yotsatira tsiku limene wakwanitsa zaka 5. Chaka cha sukulu chimatenga ana obadwa kuyambira pa 1 Sepitembala kufika pa 31 Ogasiti. Tanthauzo lake nlakuti m'kalasi imodzi muli mwana amene akukwanitsa zaka 5 sabata yoyamba yomweyo, ndi mnzake amene wangokwanitsa zaka 4 masiku apitawa. Pa msinkhu umenewu miyezi 11 ndi mtunda wautali kwambiri. Choncho tikamva kuti mwana wa anzathu akulemba kale dzina lake pamene wathu akungokhwatchakhwatcha, tiyambe tafunsa mwezi umene aliyense adabadwa tisanayambe kudandaula.

Lamulo la m'chaka cha 1998 lidaika malire akuti mphunzitsi mmodzi asakhale ndi ana opitirira 30 m'makalasi a ana aang'ono, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera, ndipo kawirikawiri pamakhalanso mthandizi wa mphunzitsi. Ambiri a ife tikukumbukira Sitandade 1 ya kwathu, makamaka sukulu ya pulayimale itakhala yaulere m'chaka cha 1994, pamene ana opitirira 100 ankakhala pansi pa mtengo umodzi. Mphunzitsi wa ana ochuluka chotero analibe njira ina koma kuti onse ayankhe pamodzi mokweza, ndipo aphunzitsi athuwo tiyenera kuwathokoza chifukwa ndi amene adatifikitsa pano. Koma mphunzitsi wa ana 30 ali ndi mpata woona mwana aliyense payekha, ndipo kalasi yake idakonzedwa kuti mpatawo augwiritse ntchito.

Owerenga athu a ku Scotland akudziwa kuti kumeneko ana amayamba Primary 1 m'mwezi wa Ogasiti. A ku South Africa ali ndi Grade R imene imayamba m'Januwale, a ku Zimbabwe ali ndi ECD A ndi ECD B, ndipo a ku America ali ndi kindergarten ya ana a zaka 5. Malamulo ndi osiyana, koma zambiri zimene tikambe pano azipezanso m'makalasi a kumeneko.

Kumene masewerawa adachokera

Maganizo akuti mwana wamng'ono amaphunzira posewera ndi akale ndithu. Friedrich Froebel wa ku Germany adatsegula malo a ana aang'ono ku Bad Blankenburg, ndipo m'chaka cha 1840 adawatcha Kindergarten, kutanthauza dimba la ana. Iye ankaona mwana ngati mbewu yofunika kuithirira ndi kuipalira, ndipo ndi amene adapatsa ana timatabwa tomangira timene tikupezeka m'makalasi mpaka lero. Kuno ku London, Margaret McMillan ndi mkulu wake Rachel adayambitsa sukulu ya mkaka ya pabwalo ku Deptford m'chaka cha 1914, pofuna kuti ana a anthu osauka azipuma mpweya wabwino, azidya ndi kusewera panja. Kuchokera m'chaka cha 2008, boma lili ndi ndondomeko imodzi yotchedwa Early Years Foundation Stage imene imatsogolera maphunziro a mwana kuyambira pobadwa kufikira kumapeto kwa Reception.

Tikaganiza mofatsa, nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Kwathu mtsikana ankadziwa kuphika asanagwire mphika weniweni chifukwa cha masanje. Mnyamata ankaumba ng'ombe zadothi kudambo, nkudzapanga galimoto yamawaya yokhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino popanda womulembera pabolodi. Phada ankaphunzitsa dzanja ndi diso kugwirizana, chipako chinkalimbitsa miyendo, ndipo nthano za madzulo zinkaphunzitsa mwana kumvetsera mpaka nkhani ithe. Kusiyana kwake nkwakuti kwathu zimenezi zinkachitika kuseri kwa nyumba ndipo sitinkazitcha sukulu. Kuno adazilowetsa m'kalasi, nkuikapo munthu wophunzitsidwa kuti aziona chimene mwana aliyense watolapo ndi chimene akufunika mawa.

Tsiku likayamba

Masukulu ambiri sayambitsa ana onse tsiku lathunthu nthawi imodzi. Ena amayamba ndi theka la tsiku, ena amalandira ana m'timagulu, ndipo ena amatumiza aphunzitsi kudzacheza pakhomo sukulu isanatsegulidwe. Kwa kholo logwira ntchito ya mashifiti dongosolo limeneli ndi lowawa, koma cholinga chake nkuti mwana azolowere malo ndi nkhope zatsopano pang'onopang'ono.

Phunziro loyamba la tsiku limachitikira pakhomo penipeni pa kalasi. Mwana amafunafuna pokoleka jekete lake, pamene palembedwa dzina lake, nthawi zina pamodzi ndi chithunzi. Amaika botolo la madzi pamalo pake, kachikwama ka mabuku m'bokosi lake, ndipo m'makalasi ambiri amatenga kakhadi ka dzina lake nkukaika pabolodi kusonyeza kuti wabwera. Mawu oyamba amene mwana amawerenga pamoyo wake kawirikawiri ndi dzina lake, ndipo amaliwerenga m'mawa uliwonse popanda womuuza kuti akuwerenga.

Pa nkhani ya dzinayi tiimepo pang'ono. Mzungu akaona "ph" amatchula ngati "f", ndipo "th" amamutchula ataika lilime pakati pa mano. Motero Mphatso ndi Thokozani amatha kumva maina achilendo poitanidwa, osayankha, aphunzitsi nkuganiza kuti mwanayo samva bwino. Tiwauze aphunzitsi katchulidwe koyenera tsiku loyamba, mwaulemu, kawiri kapena katatu ngati nkofunika. Ambiri amakondwa kuphunzira. Tisafulumire kudula dzina la mwana kapena kumupatsa lina kuti tipeputsire anthu ntchito, chifukwa dzinalo adamutcha ndi agogo ake ndipo lili ndi chifukwa chake.

Kenaka ana amakhala pakapeti, miyendo atapinda, kwa mphindi zochepa chabe. Amapatsana moni, amatchula tsiku ndi mmene kunja kwachera, amaona zithunzi zosonyeza zimene zichitike kufikira nthawi yoweruka. Pamenepa akuphunzira kudikira mnzawo amalize kulankhula, kukweza dzanja, ndi kudziwa kuti chakudya chikatha kukubwera nthano, ndipo nthano ikatha amayi afika. Mwana amene wadziwa dongosolo la tsiku amaleka kulira pachipata.

M'makona a kalasi

Nthawi yaikulu ya tsiku ana amasankha okha kumene akufuna kusewera, m'kati kapena panja. Ichi ndicho chimadodometsa makolo ambiri, koma kona iliyonse idaikidwa ndi cholinga. Pa beseni la madzi pali makapu, mabotolo ndi majagi a misinkhu yosiyana. Mwana amene wapeza kuti makapu anayi adzaza botolo lalitali koma osadzaza jagi lalifupi wayamba masamu a muyeso, ndipo mthandizi wa mphunzitsi amene wakhala pambali pake akumupatsa mawu otchulira kudzaza, kuchepa ndi kusefukira. Pa tebulo la dongo lamitundumitundu ana amakanda, kutsina ndi kukulungiza, ndipo zala zimene zalimba pamenepo ndi zomwe zidzagwire pensulo. Kudula mapepala ndi sizasi, kutunga mikanda pa ulusi ndi kutola tinthu ndi kachipaniro, zonsezi ndi ntchito yomweyo. Panja amakwera, kukankha mawilibala ndi kupenta khoma ndi madzi, pakuti dzanja silingalembe bwino phewa ndi mkono zisanalimbe.

Kona ya nyumba ndiyo masanje enieni. Muli timapoto, kafoni, zidole ndi zovala. Apa ndi pamene mwana wodziwa Chingerezi chochepa amatola mawu mofulumira, chifukwa akufuna kuti anzake amupatse sipuni kapena amulole kukhala mayi wa nyumbayo. Amaphunziranso kukangana ndi kugwirizana popanda kumenyana. Ngati aphunzitsi apempha zinthu za kumudzi, tisaumire. Chitenje chakale, mthiko, chipande kapena kadengu zikalowa m'kona imeneyi, mwana wathu amasanduka mphunzitsi wa anzake, ndipo amaona kuti za kwawo nazonso zili ndi malo pasukulu.

Ndondomeko ya boma ija, kuyambira m'chaka cha 2012, imagawa maphunziro a msinkhu uno m'magawo 7. Atatu amatengedwa ngati maziko: kulankhula ndi kumva, kukula kwa thupi, ndiponso kudzisamala ndi kukhala bwino ndi ena. Anayi otsalawo, omwe ndi kuwerenga ndi kulemba, masamu, kudziwa za dziko lotizungulira ndi luso la manja ndi nyimbo, amamangidwa pamwamba pa atatu aja. Nchifukwa chake pa milungu yoyamba aphunzitsi amasamala kwambiri ngati mwana akutha kupempha chimene akufuna kusiyana ndi ngati akutha kulemba mpaka 100. Amene wamangapo nyumba kumudzi akudziwa kuti ndalama zoyamba zimathera pansi, pamene odutsa m'njira saona kanthu.

Kuwerenga: pamene lilime lathu lingasokoneze

Pali chinthu chimodzi chimene chimaphunzitsidwa mwadongosolo tsiku ndi tsiku kuyambira milungu yoyambirira, ndicho phonics, kutanthauza kuphunzira liwu limene chilembo chilichonse chimaimira. Njira imeneyi idakhazikika m'masukulu a boma pambuyo pa lipoti la Jim Rose la m'chaka cha 2006. Masukulu ambiri amayamba ndi zilembo s, a, t, p, i, n, osati a, b, c, chifukwa ndi zilembo zochepazi mwana angathe kale kuwerenga timawu tambiri monga sat, tap ndi pin. Amatchula maliwu limodzilimodzi, kenaka nkuwalumikiza kuti mawu amveke. Kuyambira m'chaka cha 2012, ana amayesedwa pa luso limeneli m'mwezi wa Juni ali mu Year 1, powerenga mawu 40, theka lake mawu opeka opanda tanthauzo, pofuna kuona ngati akulumikizadi maliwu kapena akungoloweza.

Apa ndi pofunika tcheru, makolo anzathu. Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera, ndipo tidachiphunzira m'maphatikizo: ba, be, bi, bo, bu. Mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u, nchifukwa chake ngakhale mawu obwereka timawaveka mchira nkukhala buku, kapu, sukulu. Lilime lathu silidazolowere kusiya "t" kapena "p" ali yekha. Tsono kholo likafuna kuthandiza mwana kuwerenga sat, limatha kunena kuti "si-a-ti", ndipo mwana akalumikiza amapeza "siati", mawu amene m'Chingerezi mulibe. Aphunzitsi amafuna liwu lokhalokha lopanda mchira: "s" wonga kulira kwa njoka, "t" wamfupi wongogunda lilime. Masukulu ambiri amaitana makolo kumsonkhano wa phonics teremu yoyamba, ndipo ena amaika timakanema tosonyeza katchulidwe pa intaneti. Tipiteko, tikamve ndi makutu athu. Tikumbukirenso kuti m'Chichewa "l" ndi "r" amalowana popanda kusintha tanthauzo, pamene m'Chingerezi ndi maliwu awiri osiyana. Mwana akatikonza pamenepa tisamuone ngati wamwano, wangobwereza zimene waphunzira.

Zinthu zina ziwiri ndi izi. Choyamba, ife tidayamba ndi maina a zilembo, "ei, bii, sii", koma mwana wa ku Reception akuyamba ndi maliwu ake, ndipo Chingerezi chili ndi maliwu pafupifupi 44 pa zilembo 26 zokha. Tikamuumiriza maina usiku pamene masana waphunzira maliwu, timusenzetsa mitolo iwiri. Chachiwiri, pomuphunzitsa kulemba dzina, chilembo choyamba chokha ndicho chikhale chachikulu. Mwana amene wazolowera kulemba dzina lonse m'zilembo zazikulu amavutika kusiya.

Buku loyamba limene lingabwere m'kachikwama mwina lidzakhala lopanda mawu, la zithunzi zokhazokha. Musaganize kuti aphunzitsi apeputsa mwana wanu. Akufuna kuti aphunzire kugwira buku, kutsegula masamba kuchokera kumanzere, ndi kufotokoza nkhani mwa iye yekha. Buku lotere ndi mphatso kwa ife, chifukwa lingawerengedwe m'Chichewa kuyambira pachikuto mpaka kumapeto.

Masamu: chuma chimene tili nacho kale

Makolo ambiri amanyadira mwana amene amalakatula manambala mpaka 50. Nzabwino, koma kulakatula ndi kuwerenga ndi zinthu ziwiri. Teremu yoyamba aphunzitsi amakhalitsa pa manambala aang'ono, kuyambira 1 mpaka 5. Amafuna mwana akhudze chinthu chimodzi pa nambala imodzi, adziwe kuti nambala yomaliza kutchula ndiyo kuchuluka kwa zinthu zonse, ndiponso kuti mabatani anayi amakhalabe anayi ngakhale titawamwaza patebulo. Zolinga zimene zidakonzedwanso m'chaka cha 2021 zimafuna kuti pofika kumapeto kwa chaka mwana amvetse bwino manambala mpaka 10, ndi kuti azitha kuzindikira zinthu zofika zisanu pongoziona, osawerenga chimodzichimodzi. Aliyense amene adaonapo akuluakulu akusewera bawo akulidziwa luso limeneli: amangoponya diso padzenje nkudziwa kuchuluka kwa njere zili mmenemo.

M'kalasi mudzaona kabokosi ka mizere iwiri, mzere uliwonse wa malo asanu. Mwana amadzaza mzere wapamwamba, ndipo akaika kabatani kamodzi mumzere wapansi amaona ndi maso kuti 6 ndi 5 kuonjezapo 1. Aphunzitsi amatha milungu akuphunzitsa mfundo imeneyi, chifukwa mawu a Chingerezi otchulira 6 kapena 7 sauza mwana kanthu za 5. Koma tamverani mmene chiyankhulo chathu chimawerengera: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, khumi. Makolo athu adaika kale samu yonseyo m'mawu, potsata zala za dzanja. Ambiri tidasiya kuwerenga motere ngakhale tili kumudzi, koma mwana amene wamva agogo kapena amayi ake akuwerenga mbatata m'Chichewa wapatsidwa kiyi wa phunziro limene anzake akulilimbana nalo. Zipangizo zake zili kale m'khitchini: nyemba, zitsekerero za mabotolo, masipuni poyala patebulo.

Mwana akakhala chete

Tsopano tifike pa nkhani imene imapweteka mitima. Mwana amene wangobwera kumene kuchokera kumudzi, kapena amene wakulira m'nyumba yolankhula Chichewa chokha, amatha kukhala chete kusukulu kwa milungu ingapo, ena miyezi. Kunyumba ndi wolongolola, koma aphunzitsi akuti sanamvepo mawu ake. Akatswiri a zinenero amaidziwa bwino nyengo imeneyi. Mwanayo akumvetsera, akusonkhanitsa mawu, akuona mmene anzake akuchitira. Amayamba ndi kuloza ndi kugwedeza mutu, kenaka amalowa nawo m'nyimbo, kenaka mawu amodziamodzi, mpaka tsiku lina atulutsa chiganizo chathunthu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pa nthawi yotereyi ndi pamene mabanja ena amagamula kuti Chichewa chithe pakhomo. Tikupemphani, abale, lingalirani kawiri. Jim Cummins, katswiri wa ku Canada, adasonyeza kuti mwana amatola chiyankhulo chatsopano cha pocheza m'zaka pafupifupi ziwiri, pamene chiyankhulo chozama cha m'maphunziro chimatenga zaka 5 mpaka 7, ndiponso kuti zimene mwana wadziwa m'chiyankhulo chake choyamba zimasamukira m'chachiwiri. Mwana amene amadziwa kufotokoza chifukwa chimene Kalulu adapusitsira Njovu wadziwa kale kuti nkhani ili ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Chimene chatsala nkungopeza mawu a Chingerezi. Koma kholo likasiya chiyankhulo chimene limatha kuchezeramo, kuseka ndi kupereka mwambi, nkuyamba kulankhula ndi mwana m'timawu tochepa ta malamulo okhaokha, mwanayo amaluza mbali zonse ziwiri. Chingerezi adzachipeza kusukulu maola 6 tsiku lililonse, pa wailesi yakanema ndi kwa anzake. Chichewa alibe kwina kochipeza koma kwa ife.

Mpaka kumapeto kwa chaka cha 2023, ndondomeko ya boma inkalamula masukulu kuyesetsa kupereka mpata woti mwana agwiritse ntchito chiyankhulo cha kwawo posewera ndi pophunzira. Kuyambira Januwale 2024 mawuwo adafewetsedwa: sukulu ikhoza kutero, koma siikakamizidwanso. Aphunzitsi ambiri abwino akupitirizabe, komabe katunduyu tsopano watsamira kwambiri pamapewa athu. Tingathe kuwalembera aphunzitsi mawu ochepa pakapepala, monga madzi, chimbudzi, njala, ndikudwala, ndi katchulidwe kake. Ndipo ngati mwana akuvutika kulankhula ngakhale m'Chichewa chomwe, kapena satembenuka poitanidwa, tisabise. Tiuze aphunzitsi ndi adokotala msanga kuti amuyeze makutu ndi kalankhulidwe, pajatu kuongola mtengo mpoyamba.

Ulemu wa kwathu ndi zofuna za kuno

Mwana woleredwa bwino kwathu sayang'ana wamkulu m'maso, sayamba kulankhula asanafunsidwe, ndipo amalandira chinthu ndi manja awiri. Kuno aphunzitsi amatenga kuyang'ana nkhope ngati chizindikiro cha kumvetsera, ndipo mwana wosafunsa mafunso amatha kumuona ngati wamantha kapena wosamvetsa. Palibe chifukwa chotayira mwambo wathu. Ana amatha kusunga malamulo a malo awiri ngati tawafotokozera momveka: kwa agogo timagwada ndi kuyang'ana pansi, kwa aphunzitsi timayang'ana nkhope ndi kuyankha mokweza. Ndi bwinonso kuwafotokozera aphunzitsiwo kuti akaona mwana wazolika pomudzudzula adziwe kuti ndi ulemu.

Koposa zonse, mwana adziwe kupempha kupita kuchimbudzi, kudzipukuta, kusamba m'manja, kuvala jekete ndi kukoka zipi. Chikondi chathu chimatifulumizitsa kumuchitira zonse, makamaka m'mawa pamene basi ikutithawa, koma mphunzitsi wa ana 30 sangamange mabatani 30 nthawi imodzi. Loweruka ndi Lamulungu timusiye ayese yekha. Tilembe dzina pa chovala chilichonse, chifukwa majuzi onse ndi ofanana. Ana amatuluka panja ngakhale kukuzizira kapena kukuwaza mvula, ndiye m'malo mopempha kuti wathu azitsala m'kati, timugulire jekete losalowa madzi ndi nsapato za jombo.

Kuyambira Sepitembala 2014, mwana aliyense wa mu Reception, Year 1 ndi Year 2 m'sukulu za boma ku Mangalande amalandira chakudya chamasana chaulere, ndipo amapatsidwanso chipatso kapena ndiwo zamasamba tsiku lililonse. Kuchipinda chodyera adzapeza mpeni ndi foloko. Mwana wozolowera kutema nsima ndi dzanja ali ndi zala zaluso kale, koma timuzoloweretsenso zipangizozi kunyumba kuti asamabwere ndi njala chifukwa cha manyazi.

Pokakumana ndi aphunzitsi

Kuyambira m'chaka cha 2021, mwana aliyense amayesedwa pa milungu 6 yoyambirira m'njira yotchedwa Reception Baseline Assessment. Amakhala ndi aphunzitsi awiriwiri kwa mphindi pafupifupi 20, nkuchita tintchito ta manambala ndi mawu m'Chingerezi. Palibe kukhoza kapena kulephera, palibe kubwereza kalasi, ndipo palibe chofunika kukonzekera. Cholinga chake nkudzayeza ntchito ya sukuluyo anawo akadzafika kumapeto kwa Year 6. Chithunzi chenicheni cha mwana chimabwera kumapeto kwa chaka, pamene aphunzitsi amalemba mmene wachitira pa zolinga 17 za msinkhu wake.

Masukulu ambiri amaitana makolo m'mwezi wa Okotobala kapena Novembala. Nthawi yake imakhala yochepa, mwina mphindi 10, choncho tipite titakonzeka, ndipo ngati nkotheka bambo ndi mayi onse. Funso lakuti mwana ali nambala chani m'kalasi lilibe yankho kuno. Tifunse kuti amasewera ndi ndani, amakonda kona iti, amalankhula ndi akuluakulu kapena ndi ana okha, amadya bwanji, ndi maliwu ati amene aphunzira kuti tiwabwereze kunyumba. Ifenso tiwauze zimene iwo sangazione: kuti kunyumba amaimba, amafotokoza nthano, amathandiza kusamala mng'ono wake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mphunzitsi amene wadziwa kuti kholo lili naye limodzi amamuona mwanayo ndi diso lina.

Tikudziwa kuti ambiri mwa ife timaweruka m'mawa pamene ana akudzuka, ena tikunyamuka pamene iwo akugona. Zimene kalasi imeneyi ikupempha kwa ife si zambiri: mphindi 10 za buku, nthano imodzi, mwana agone msanga, ndi kucheza naye m'njira popita ndi pobwera. Mukamufunsa zimene waphunzira adzati palibe. Mufunseni amene adakhala naye pa nkhomaliro, kapena chimene adamanga ndi timatabwa, mudzamva zambiri. Ndipo amene ana athu adadutsa kale m'kalasi imeneyi tisawasiye okha anzathu ongofika kumene. Tiwaperekeze kumsonkhano wa makolo ngati akuopa Chingerezi, tiwapatse mayunifolomu amene ana athu asiya, tiwatengere mwana pachipata shifiti ikawapanikiza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu sudathere pabwalo la ndege.

Mmera mpoyamba, abale. Amene muli ndi mafunso kapena zimene mwaona m'makalasi a ana anu, kaya ku Leeds, ku Glasgow, ku Johannesburg kapena ku Harare, tumizani kwa alembi a bungwe lathu kuti tidzakambirane pakhonde pano mwezi wamawa. Mulungu adalitse ana athu onse amene ayamba sukulu chaka chino, pamodzi ndi aphunzitsi awo.